Shopu yotchipa pa Kasungu ndi iti? Yankho lili pafoni panu

Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo, tawuni ya Kasungu imasintha nkhope. Pa ATM mzere umakhota, akabaza sapuma, ndipo m'mashopu anthu amatuluka atasenza mabelo a shuga, makatoni a sopo ndi zigubu za mafuta ophikira. Mukabwererenso mu Januwale kapena Febuluwale. Ambiri mwa anthu omwe aja mukawapeza pa okala, akugula mafuta a m'kapulasitiki ongokwana ndiwo za madzulo amenewo basi.

Munthu ndi yemweyo, mafuta ndi omwewo, koma ndalama yomwe walipira pa lita imodzi m'miyezi iwiriyi ndi yosiyana kwambiri. Mfundo imeneyi ndi yomwe imasowa tikamafunsana m'magulu a pa WhatsApp kuti, "Aise, shuga akutchipa kuti masiku ano?" Timafuna dzina la shopu imodzi kuti tizingolunjika kumeneko. Zoona zake n'zakuti shopu yotchipa pa chilichonse kulibe. Chomwe chilipo ndi kagulidwe kotchipa ndi kagulidwe kodula.

Mmene timagulira

Banja la pa Kasungu siligula malo amodzi. Kumapeto a mwezi, kapena fodya akayenda, limalowa m'sitolo zikuluzikulu monga Chipiku kukatenga shuga, mchere, sopo, mafuta ndi masamba a tiyi. Tomato, anyezi, usipa, bonya ndi nyemba limagula mumsika. Buledi ndi machesi amachokera pagolosale yapafupi. Tsiku lomwe m'thumba mwauma, pa okala ya neba ndi pomwe pamapulumutsa.

Malo alionse mwa amenewa ali ndi mphamvu yake. M'supamaketi mtengo ndi wolembedwa, katundu ndi womata kuchokera kufakitale, ndipo mumatuluka ndi lisiti. Koma simunganenerere, ndipo mulibe ngongole. Mumsika mumanenerera, amakuikirani basera, ndiwo zamasamba zimakhala zongothyola kumene kudimba. Koma mulu wa tomato ulibe muyeso. Wa K1,000 wa lero ukhoza kuchepa ndi tomato mmodzi poyerekeza ndi wa dzulo, mtengo osasintha. Pa okala amakudziwani dzina, amatsegula m'mamawa ndi usiku, ndipo amatha kukulembani m'kope kuti mudzalipire pa 30. Ulemu umenewo si waulere, uli kale m'mtengo wa katunduyo.

Mayina omwe adatisiya

Funsani makolo anu komwe ankagula golosale, dzina loyamba kutchulidwa likhala PTC. Peoples Trading Centre inali ya Press Corporation, gulu la makampani lomwe mizu yake ili kwa Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, ndipo Press yomweyo ndi yomwe inali ndi minda ikuluikulu ya fodya m'boma lino. Kwa zaka zambiri PTC inali pafupifupi paboma lililonse. Mu 2022 Press idagulitsa PTC ku kampani ya Tafika Holdings, ndipo pasanathe nthawi zitseko zidatsekedwa.

Chipiku nayo ili ndi mbiri. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu lidachotsa amwenye m'mabizinesi akumidzi n'kuwasiya m'mizinda, ndipo Chipiku ndi komwe eni magolosale achikuda ankakaoda katundu. Dzina lenilenilo likunena ntchito yake: kupikula, kugula zambiri pakamodzi.

Shoprite, yomwe ambiri timaiona ngati chithunzi cha supamaketi yeniyeni, inali ya m'mizinda monga Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo mu 2025 eni ake a ku South Africa adalengeza kuti akugulitsa sitolo zawo za m'Malawi muno. Phunziro lake n'losavuta: mayina a mashopu amabwera n'kupita. Amene amadalira dzina amasokonezeka likachoka. Amene amadziwa kuwerengera amagula bwino kulikonse.

Masamu a mphindi imodzi

Foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, ili ndi kakyuleta. Ntchito yake m'shopu ndi imodzi: kupeza mtengo wa kilogalamu imodzi kapena lita imodzi. Mitengo ikusintha pafupipafupi, ndiye manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza. Inu muikepo a lero.

Tinene kuti chigubu cha mafuta cha malita 5 chili pa K27,500. Lita imodzi ndi K5,500. Botolo la malita 2 lili pa K12,000, ndiye kuti lita ndi K6,000. Pa okala kapulasitiki ka mamililita 50 kali pa K400. Kuti mukwanitse lita imodzi mufunika timapulasitiki 20, zomwe ndi K8,000. Wogula tsiku ndi tsiku akulipira K2,500 yoonjezera pa lita iliyonse poyerekeza ndi wogula chigubu. Ngati banja limatha malita awiri pamwezi, pachaka yapita K60,000 osaiona.

Apa ndi pomwe pali nkhanza ya umphawi: amene ali ndi ndalama zochepa ndi amene amagula modula. Ufa wa walkman, shuga woyeza pasupuni, sopo wodula pakati, zonsezi zimaoneka zotchipa chifukwa ndalama yotuluka m'thumba ndi yochepa. Ukaziphatikiza pamwezi, ndi zomwe zimadula kuposa zonse. Sikuti a okala ndi akuba ayi. Naonso amaoda m'tawuni momwemo, amalipira thiransipoti, amagula timapulasitiki, ndipo ena mwa olembedwa m'kope aja salipira.

Koma musathamangire kunena kuti chachikulu chimatchipa nthawi zonse. Paketi ya sopo waufa ya magalamu 500 ikakhala pa K2,600, pamene ya kilogalamu imodzi ili pa K5,500, mapaketi awiri aang'ono akukupulumutsirani K300. Zoterezi zimachitika kawirikawiri katundu wakale ndi watsopano akakumana pashelefu. Maso sangakuuzeni, kakyuleta ndi yomwe inganene.

Chenjeraninso ndi kulemera kwa paketi. Mtengo ukhoza kukhala womwewo koma magalamu atatsika. Musanayerekeze sopo wa mtundu wina ndi unzake, onani kaye nambala yolembedwa m'munsi mwa paketi.

Mtengo wofikira pakhomo

Kasungu ndi boma lalikulu. Wokhala ku Chamama, Santhe, Nkhamenya, Chulu kapena Mtunthama sangayerekeze mtengo wa pashelefu paboma ndi wa pagolosale ya kwawo osawerengera ulendo. Ngati kupita ndi kubwera kukudya K8,000, ndipo paboma chinthu chilichonse chikutchipa ndi K500, muyenera kugula zinthu 16 kuti mungobweza ya thiransipoti. Phindu limayamba pa chinthu cha 17. Onjezerani ya katundu yomwe kondakitala akuuzeni, ya kabaza kuchokera pasiteji, ndi tchipisi cha masana.

N'chimodzimodzi ndi aja amakonda kunena kuti "ine golosale ndimakagula ku Lilongwe." Ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 130 pamsewu wa M1. Ngati mukupita kale pa zifukwa zina, gulani ndithu. Koma kukwera basi chifukwa cha golosale ya banja limodzi, nthawi zambiri ndi kusangalatsa mtima chabe, thumba silipindula.

Palinso ndalama ina yomwe timaiiwala: yodula potapa ku Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kutapa pang'onopang'ono kasanu pasabata kumadya zambiri kuposa kutapa kamodzi. Musanapite kwa ejenti, funsani ngati shopuyo ikulandira ndalama ya pafoni kapena khadi ya kubanki, ndipo mudziwe kuti njira imeneyo akudulani zingati.

Kalendala ya fodya

Chomwe chimasiyanitsa Kasungu ndi mizinda ndi mmene ndalama imabwerera. Wapantchito ku Lilongwe amalandira ka 12 pachaka. Mlimi wa fodya amalandira m'miyezi yochepa ya msika, ndipo ngati ali pa kontirakiti, kampani imayamba yadula ngongole ya feteleza ndi zipangizo. Yotsalayo iyenera kufika chaka chamawa. Ngakhale inu amene simulima, kaya muli pa kabaza, pa saluni, pa ejenti kapena mumagulitsa kaunjika, bizinesi yanu imavina ng'oma yomweyo.

Nthawi yomwe ndalama ilipo ndi yomwenso chimanga, nyemba, mtedza ndi soya zimatsika mtengo chifukwa anthu angokolola kumene. Nthawi yomwe ndalama yatha ndi yomwe thumba la chimanga limakwera. Choncho chisankho chachikulu cha golosale m'boma lino sichichitikira pashelefu. Chimachitika mu Meyi ndi Juni, pomwe banja limasankha kuti ndalama ya mabelo oyamba ipite kuti.

Kale munthu ankatha kusunga ndalama n'kumagula pang'onopang'ono. Lero kwacha siidikira munthu. Mu Meyi 2022 idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo nthawi zonse ziwiri mitengo m'mashopu idatsatira msanga. Pepala la K5,000 litatuluka mu 2022 linkaoneka lalikulu. Lowani nalo m'shopu lero muone mmene basiketi ipepukire. M'nyengo yotere, sopo, mchere, shuga ndi mafuta zomwe zili m'nyumba zimasunga mphamvu ya ndalama kuposa kwacha yomwe ili pansi pa pilo. Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Shuga ndi chitsanzo chabwino. Amapangidwa ku Dwangwa, m'boma loyandikana nalo la Nkhotakota, komabe mu 2024 ndi 2025 adasowa m'mashopu ambiri m'dziko muno, ndipo komwe ankapezeka mtengo unali wokwera. Amene anali ndi mapaketi angapo m'kabati sadaime pamzere.

Kugula zambiri kulinso ndi malire ake. Onani tsiku lothera ntchito, makamaka pa katundu wa pa promotion. Ufa ndi nyemba zimafumbwa zikapanda kusamalidwa. Ndipo m'nyumba yomwe muli belo la shuga, supuni imakula, achibale nawo amadziwa msanga. Gawani katunduyo wa mwezi ndi mwezi, wotsalayo mutsekere.

Ufulu wanu polipira

Pali zinthu zingapo zomwe wogula aliyense ayenera kudziwa. Mtengo wolembedwa pashelefu ndi womwe muyenera kulipira. Ukasiyana ndi wa pamakina, funsani pomwepo musanachoke. Ngati mukukayika, jambulani mtengo wa pashelefu ndi foni. Tengani lisiti nthawi zonse ndipo muliwerenge muli pakhomo pa shopu, chifukwa popanda lisiti dandaulo lanu lilibe mwendo.

Bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) lakhala likuchenjeza amalonda kuti kubisa katundu pofuna kukweza mtengo, kukakamiza munthu kugula chinthu china kuti amugulitse shuga, komanso kulemba kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, n'kuphwanya malamulo. Lamulo latsopano loona za mpikisano ndi chilungamo pamalonda lidayamba kugwira ntchito mu 2024. Nalo bungwe la Malawi Bureau of Standards (MBS) ndi lomwe limayesa masikelo a malonda. Pogula nyama, mpunga kapena nyemba zapasikelo, onetsetsani kuti muvi kapena nambala yayambira pa ziro.

Ambiri timachita manyazi kubweza chinthu polipira poopa kuti anthu a pamzere atiseka. Manyazi amenewo ndi omwe amatidyera tchenji.

Nanga amene alibe ya chigubu?

Funso ndi lomveka. Wophunzira, wa ganyu kapena wa kabaza amene amapeza ya tsiku lomwelo sangatulutse K27,500 pakamodzi. Koma anthu asanu angathe. Belo la shuga limakhala ndi mapaketi 20, anthu asanu atenga anayi aliyense pamtengo wa chipiku. Chigubu cha malita 5 n'chimodzimodzi, aliyense abwere ndi botolo lake loyera. Mmodzi apite kutawuni, thiransipoti mugawane.

Amayi athu akhala akuchita izi m'magulu a chipereganyu ndi banki m'khonde popanda intaneti. Ife tili ndi magulu a pa WhatsApp a mpira, a kutchalitchi, a omwe tidaphunzira nawo. Limodzi mwa amenewa likhoza kukhala la mitengo: amene walowa m'shopu ajambule mtengo wa shuga, mafuta, sopo, mchere ndi mpunga, alembe tsiku ndi malo, atumize. Bungwe la Centre for Social Concern limachita zofanana ndi zimenezi mwezi ndi mwezi m'mizinda, kutsatira mtengo wa zinthu zofunika pabanja. Palibe choletsa achinyamata a pa Chinkhoma kapena pa Chatoloma kukhala ndi mndandanda wawowawo.

Samalani chabe pa nkhani ya ndalama za gulu. Yambani ndi anthu ochepa odziwana, wopita kukagula abwere ndi lisiti, ndipo katundu agawidwe tsiku lomwelo.

Sabata ino yesani chinthu chimodzi. Lembani zinthu 10 zomwe nyumba yanu imagula kawirikawiri, muone mitengo yake malo atatu: m'sitolo yaikulu, mumsika ndi pa okala yapafupi. Gawani mtengo uliwonse ndi kulemera kwake, kenako muonjezere thiransipoti. Mupeza kuti zina n'zoyenera kugula kamodzi pamwezi, zina kamodzi pachaka fodya akayenda, ndipo zina, monga tomato ndi masamba, zisiyeni kwa amayi a mumsika.