Mafilimu amene safika pa Kopala

Kuno ku Kitwe ndi ku Ndola atsikana ogwila kamela aculuka. Amajambula maukwati, makwaya ndi masewelo a pa YouTube. Koma filimu yokamba za cikondi ca akazi okhaokha kapena amuna okhaokha, ine sindinaionepo m'holo iliyonse pa Kopala. Lamulo la dziko lino limaletsa mcitidwewu. Mu 2019 amuna awili a ku Kapiri Mposhi anagamulidwa zaka 15, ndipo anakhululukidwa mu 2020. Manje ndani angaikepo ndalama zake?

Kumaiko ena azimai analimba mtima. Ku Kenya, Wanuri Kahiu anapanga Rafiki mu 2018. Filimuyi inaonetsedwa ku Cannes, koma kwao boma linailetsa. Maiyu anakasuma, khoti n'kuilola masiku 7 cabe, anthu n'kudzaza maholo a ku Nairobi. Ku Nigeria, Pamela Adie anatulutsa Ìfé pa intaneti mu 2020.

Mu 2022 Kahiu anatsogolela filimu ya Netflix, Look Both Ways. Nchito yake inakula ndithu, koma inakulila kunja. Mtsikana wa ku Chimwemwe kapena ku Chifubu amene ali ndi nkhani yotele, kodi nayenso ayambe wapakila cikwama?