Linki siiba ndalama, koma zenera limene imatsegukiramo si lanu

Pa timabuthi ta Airtel Money ndi MTN MoMo m'tauni ya Kabwe, kuyambira ku Bwacha mpaka ku Makululu, mphekesera yake ndi imodzi: akuti kuli linki imene ukangoidina, ndalama zonse za m'foni zimasesedwa nthawi yomweyo. Ena afika pouza anzawo kuti achotse pulogalamu yotchedwa Android System WebView, ati ndiye kazitape amene amatsegulira akuba chitseko. Nkhani ziwirizi n'zokwiyitsa chifukwa zikuchititsa anthu kuopa mthunzi, vuto lenileni n'kumalisiya. Ndalama za pafoni sizituluka popanda nambala yachinsinsi, ndipo linki payokha siidziwa nambalayo. Choopsa ndi malo amene tsambalo limatsegukira, ndi zimene zala zanu zimalemba pamenepo.

Mukadina linki muli pa Facebook, Instagram kapena TikTok, nthawi zambiri foni siikupititsani ku Chrome kapena Safari. Tsambalo limatseguka m'kati mwa pulogalamu yomweyo, pa zenera limene eni pulogalamuyo anadzikonzera pogwiritsa ntchito chida chotchedwa WebView. Chidachi chimawerenga tsamba la pa intaneti n'kulionetsa ngati mmene Chrome imachitira, koma chimamvera pulogalamu imene yachiitana. Tsamba likangotseguka, pulogalamuyo ili ndi mphamvu yolowetsamo timalamulo take ta JavaScript, ndipo timalamuloti titha kuuzidwa kuti tizitchera khutu: chala chikagunda chilembo, tidziwe, chikakhudza batani kapena chithunzi, tidziwenso. Apa m'pamene ambiri amanamizidwa ndi kaloko kaja kooneka pafupi ndi adiresi. Kalokoko kamatanthauza kuti uthenga wanu wabisidwa pa ulendo wochoka m'foni kupita ku kompyuta ya eni tsamba, moti wina aliyense wa panjira sangauwerenge. Koma pulogalamuyo siili panjira. Ili m'foni momwemo, pamene mawu anu sanabisidwe n'komwe. Zili ngati kulemba m'buku la malisiti la mwini golosale: pepala lapamwamba mutenga ndinu, koma kaboni ali pansi, ndipo bukulo litsala kwa mwini wake.

Izi si nkhambakamwa. Mu Ogasiti 2022 katswiri wa mapulogalamu Felix Krause anaonetsa kuti Instagram ndi Facebook za pa iPhone zinkalowetsa JavaScript yawo m'masamba a anthu ena amene munthu watsegula kudzera pa linki. Anapezanso kuti zenera la TikTok linali ndi timalamulo totchera khutu ku chilembo chilichonse cholembedwa ndi malo alionse okhudzidwa patsamba. Krause yemweyo ananenetsa kuti kupezeka kwa timalamuloto sikutsimikizira kuti makampaniwo ankasonkhanitsa mapasiwedi a anthu. TikTok inayankha kuti imatigwiritsa ntchito pofufuza zolakwika ndi kuona mmene pulogalamu ikuyendera, pomwe Meta inati cholinga chake n'kulemekeza zimene munthu wasankha pa nkhani yoti azilondoledwa kapena ayi.

Wina anganene kuti ngati umboni woti anaba palibe, nanga tikudandaulanji? Funsoli ndi lomveka, koma likuphonya mfundo. Chitetezo chimene chimadalira kukoma mtima kwa mwini zenera si chitetezo. Mphamvu yomwe TikTok ili nayo, kalinso nayo kapulogalamu kalikonse ka ngongole zapompopompo, ka kubetcha pa mpira kapena kotsitsira nyimbo kaulere, ngakhale kamene mwini wake sadziwika dzina kapena dziko. Nawo makampani akuluakulu amadziwa zimenezi. Google inalengeza mu 2016 kuti isiya kulola anthu kulowa mu akaunti zawo kudzera m'mazenera otere, ndipo pa 30 Sepitembala 2021 inatsekeratu njirayo. Chifukwa chake inachinena poyera: pulogalamu yokhala ndi zeneralo itha kuona kapena kusintha zimene zikudutsa pakati pa munthu ndi Google. Ngati kampani yomwe inapanga WebView ya Android siilola kuti pasiwedi yake ilembedwe mmenemo, bwanji ife tizilembamo nambala ya chitupa cha NRC ndi yachinsinsi ya ndalama zathu?

Palinso vuto lachiwiri, ndipo ndi limene mbava za kwathu kuno zimadyerapo kwambiri. Pa zenera la m'kati mwa pulogalamu, adiresi ya tsamba imaoneka yaing'ono ndiponso yodulidwa, ndipo m'mapulogalamu ena siioneka n'komwe. Komanso zeneralo silikumbukira kuti munalowa kale mu akaunti yanu pa Chrome, choncho limakufunsani pasiwedi mobwerezabwereza mpaka muzolowere kungolemba osaganiza. Tsono taganizirani wophunzira wa pa Mulungushi University kapena Kwame Nkrumah University amene waona uthenga wolonjeza ntchito, thandizo la ndalama za boma za CDF kapena bandulo yaulere. Akadina, patuluka tsamba la mtundu wa buluu lonena kuti alowenso mu Facebook, kapena lofiira lopempha nambala ya foni ndi PIN kuti "atsimikize". Popeza ali kale m'kati mwa Facebook, palibe chimene chimamudabwitsa. Amalemba yekha, ndi manja ake. Mawa lake nkhani imafala yoti anangodina linki basi, chifukwa n'kovuta kuvomera pagulu kuti unapereka wekha nambala yachinsinsi, kapena kuti unalola foni kuika pulogalamu yachilendo imene tsambalo linakupatsa.

Kodi ndiye kuti tsamba silingavulaze foni munthu asanalembe kanthu? Lingathe, ndipo apa mphekesera ija ili ndi kachoonadi kochepa. Mafoni a Android akale kuposa 4.2, imene inatuluka mu 2012, anali ndi mpata woti tsamba loipa lilamule zinthu za m'foni kudzera mu WebView, ndipo mipata yatsopano imapezekabe nthawi ndi nthawi. Koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu ndi amene akufalitsidwa. Kuyambira pa Android 5.0 ya mu 2014, WebView imakonzedwa payokha kudzera pa Play Store, ndipo kukonzako n'kumene kumatseka mipatayo. Langizo loti ichotsedwe limakumbutsa za pa 22 Malichi 2021, pamene WebView yatsopano inatuluka ndi cholakwika n'kuchititsa Gmail ndi mapulogalamu ena kumangodzitseka pa mafoni ambiri. Kwa maola ochepa, kubwerera ku yakale kunathandizadi, mpaka Google itakonza. Lero wochita zimenezi akubwezera foni yake ku WebView yakale yokhala ndi mipata imene mbava zikuidziwa kale, uku akuganiza kuti wadziteteza.

Pali otsutsa enanso amene amati mazenerawa amathandiza osauka, ndipo mbiri ikuwavomereza pang'ono. Zambia ndilo linali dziko loyamba kulandira pulogalamu ya Internet.org, mu Julayi 2014, mogwirizana ndi Airtel. Inkalola anthu kuwerenga Wikipedia, nkhani zaumoyo ndi zotsatsa ntchito pa zenera la m'kati mwake popanda kugula bandulo. Palibe akukana phindu limenelo, ndipo kuwerenga nkhani kapena zotsatira za mpira pa zenera lotere kulibe vuto lalikulu. Koma kuwerenga n'kosiyana ndi kulemba zinsinsi. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza mbiri ya munthu aliyense m'Zambia, koma silingabweze ndalama zimene zapita kwa munthu wosadziwika komwe ali.

Choncho tsamba likakupemphani pasiwedi, NRC kapena nambala ya khadi la kubanki, dinani timadontho titatu tapamwamba, musankhe kulitsegula pa Chrome kapena Safari, muwerenge adiresi yonse. WebView musaichotse, muziilola kuti izikonzedwa pa Play Store. Ndipo PIN ya ndalama za pafoni musailembe pa tsamba lililonse lobwera ndi linki, ngakhale likhale ndi chizindikiro cha kampani kapena cha boma.