Matenda a shuga ndi mtanda wa nsima: nkhani ya kuchuluka ndi liwiro

Tiyambe ndi kasamu kakang'ono. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Akadzuka m'mawa asanadye, lita iliyonse ya magaziwo imakhala ndi glucose wosakwana galamu imodzi. Ndiye kuti shuga yense woyenda m'magazi a munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 4 kapena 5, supuni imodzi ya tiyi basi. Koma mbale imodzi ya nsima imalowetsa m'thupi shuga wochuluka kuposa pamenepo maulendo ambirimbiri. Nanga thupi limatani kuti lisamizidwe?

Yankho ndi insulini, amene amapangidwa m'kapamba. Insulini amatsegulira glucose njira yochoka m'magazi kulowa m'minofu, m'chiwindi ndi m'maselo ena, kumene amagwiritsidwa ntchito kapena kusungidwa. Munthu wodwala shuga ndi amene kapamba wake sapanga insulini wokwanira, kapena thupi lake silimumvera bwino insuliniyo. Zikatero glucose amadzazana m'magazi. Akuchipatala amati munthu ali ndi shuga ngati muyezo wa m'mawa asanadye wafika 7.0 mmol/L kapena kupitirira, atayezedwa mobwereza. Shuga wokwera kwa zaka amawononga maso, impso, mitsempha ya m'mapazi ndi mtima. Kafukufuku wa STEPS amene boma linachita mogwirizana ndi World Health Organization mu 2009 anapeza kuti Amalawi pafupifupi 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi matendawa. Si matenda a anthu a m'tauni okha ayi, kuno ku Chisenga aliponso.

Ambiri amaganiza kuti wodwala shuga akangosiya kuthira shuga mu tiyi, zatha. Ayi ndithu. Chimanga, mawere, chinangwa, mbatata ndi nthochi zophika, zonse zomwe timalima kuno, zadzaza ndi starch, ndipo starch ndi timagulu ta glucose tolumikizana ngati unyolo. M'mimba unyolowo umadulidwa, n'kusanduka shuga yemwe uja. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi pafupifupi magalamu 75 a starch. Galamu iliyonse imapereka mphamvu pafupifupi 17 kJ, ndiye 75 kuchulukitsa ndi 17 tipeza 1,275 kJ. Mphamvu imeneyi timaifuna, wolima kumunda sangaisiye. Vuto ndi kuchuluka kwake komanso liwiro limene ikulowera.

Apa ndi pamene physics ikulowa. Mukukumbukira kuti power ndi energy kugawa ndi nthawi, eti? Mphamvu yofanana ikabwera m'nthawi yochepa, power imakhala yaikulu. Taganizirani mvula ya m'mapiri a Mafinga. Ikagwa yonse m'ola limodzi, madzi amathamanga n'kukokolola nthaka ndi mbewu. Mvula yomweyo ikawaza tsiku lonse, nthaka imamwa pang'onopang'ono. Kapamba wofooka ali ngati nthaka yosatha kumwa madzi msanga: amafuna mvula yowaza, osati chimvula cha mkuntho.

Chinthu china ndi surface area. Chakudya chikaperedwa kwambiri, timadzi togaya chakudya timachifikira mbali zonse nthawi imodzi, monga mmene shuga wosalala amasungunukira msanga kuposa chibulumwa. Zamadzimadzi ndiye zimathamanga koposa. Botolo la 300 ml la zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 30, masupuni a tiyi 7 kapena 8, wolowa m'magazi m'mphindi zochepa. Thobwa wothira shuga ndi Sobo zili m'gulu lomweli.

Mu 1981, David Jenkins ndi anzake a ku University of Toronto anayambitsa muyezo wotchedwa glycemic index, woonetsa liwiro limene chakudya chimakwezera shuga m'magazi. Nyemba, nandolo ndi mtedza zimakhala pansi, buledi woyera amakhala pamwamba. Nanga nsima? Akatswiri a ku LUANAR anayeza nsima ya ufa wosiyanasiyana, ndipo mu 2016 anafalitsa zomwe anapeza: nsima ya mgaiwa nayonso imakweza shuga mofulumira. Mgaiwa ndi wabwino chifukwa uli ndi gaga komanso michere imene imatayika pokonola, koma si mankhwala. Agogo akadya mitanda inayi ya mgaiwa poganiza kuti ndi yotetezeka, shuga akwerabe.

Ndiye mbale ya wodwala shuga iziwoneka bwanji? Igaweni m'maganizo. Theka likhale ndiwo zamasamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya, mpiru kapena therere. Gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba, usipa, dzira kapena nkhuku. Gawo lotsalalo ndi la nsima, mtanda umodzi waukulu ngati chibakera cha wodyayo. Masamba ndi nyemba zimachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, motero shuga amalowa mowaza. Nsinjiro ndi zabwino, koma mafuta ophikira achepe, pajatu galamu imodzi ya mafuta ili ndi 37 kJ, kuposa kuwirikiza kawiri starch, ndipo kunenepa kumachititsa thupi kusamvera insulini. Mchere uchepenso. Zipatso asasiye, koma nyengo ya mango adye limodzi, osati beseni lonse. Akatha kudya ayendeko kwa mphindi 10 kapena 15, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imayamwa glucose m'magazi.

Chenjezo lofunika: wodwala amene akubaya insulini kapena kumwa mapiritsi monga glibenclamide asamadumphe chakudya. Shuga akatsika pansi pa 4 mmol/L, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amasokonezeka, mwinanso kukomoka. Zikatero, ngati akutha kumeza, mpatseni masupuni a tiyi 3 kapena 4 a shuga m'madzi, kenako chakudya. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu, thamangirani naye kuchipatala. Ndipo chakudya chabwino sichilowa m'malo mwa mankhwala amene wapatsidwa.

Ambiri a inu ndi amene mumaphika kunyumba mukaweruka. Ngati pali amayi, abambo kapena agogo odwala shuga, sikofunika kuwaphikira mphika wapadera kapena kugula zodula. Chepetsani mtanda, onjezerani masamba ndi nyemba, ndipo banja lonse lidye zomwezo. Ngati wina kwanu akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi makamaka usiku, komanso akuonda popanda chifukwa, mulimbikitseni akayezetse ku chipatala chapafupi kapena ku Chitipa District Hospital. Kuyeza kwake ndi kadontho kamodzi ka magazi a pachala.