Kodi Driemo adzakhalitsa?

Pa Dwangwa sipasowa phokoso: mathirakitala opita ndi nzimbe ku fakitale ya Illovo, maminibasi a mumsewu wa M5, masipika a m'mashopu. Komatu woyimba amene watigwira mtima achinyamata ambirife ndi wa mawu ofatsa. Driemo, mwini nyimbo ya "Popo" ndi chimbale cha Mzaliwa, sakuwa poyimba. Nanga chikoka chake chagona pati?

Choyamba, zida sizikwirira mawu ake, choncho ukamva nyimbo kawiri katatu wayisunga kale pamtima. Chachiwiri, amayimba za chikondi ndi kusweka mtima m'chiyankhulo chomwe timachezera tokha. Chachitatu, nyimbo yodekha imalowa paliponse: pometetsa, pochapa, ngakhale powerenga usiku.

Koma kutchuka ndi kukhalitsa n'zosiyana. Nyimbo zambiri za pa TikTok ndi moto wa mapesi. Taonani Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930. Nyimbo yawo yakale ya "Linny Hoo" inadziwika mpaka kunja atayiyimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020. Inapirira zaka chifukwa imayimbika ndi gitala imodzi, kapena pakamwa pokha. Nyimbo za Driemo zidzayesedwa ndi muyeso womwewu.

Mbali ina ili kwa ife omvera. Tikamangotumizirana nyimbo pa Bluetooth kapena kuziyikitsa mu memori kadi pamsika, woyimbayo sapeza kanthu, chonsecho kujambula kumafuna ndalama. Ngati tikufuna kudzamumvabe zaka khumi zikubwerazi, tigule nyimbo zake ndipo tizilipira pakhomo akabwera kudzayimba.