Josef Masopust: katswiri amene anapambananso ngati mphunzitsi

Anthu okonda mpira amakonda kunena kuti katswiri wa m'bwalo sakhala mphunzitsi wabwino, ati chifukwa zimene iye ankachita mosavuta sangathe kuzifotokozera mnyamata wa luso wamba. Mbiri ya Josef Masopust, wosewera wa pakati wa dziko la Czechoslovakia amene anabadwa mu 1931, ikutsutsa maganizo amenewa, ngakhale kuti ambiri amangomukumbukira ndi chigoli chimodzi. Pa 17 June 1962, mumzinda wa Santiago ku Chile, iye ndiye anayamba kumwetsa chigoli mu ndime yomaliza ya World Cup, masewero atangotha mphindi 15. Brazil inabweza kudzera mwa Amarildo, kenako Zito ndi Vavá anawonjezera, n'kupambana 3-1. Chaka chomwecho Masopust analandira mphoto ya Ballon d'Or.

Koma chimene chimaonetsa bwino mutu wa munthuyu chinachitika m'ndime ya m'magulu, pamene matimu awiri omwewa analepherana 0-0. Pelé anavulala masewero ali mkati, ndipo poti nthawi imeneyo malamulo sankalola kulowetsa wina m'malo mwa wovulala, anapitiriza kutsimphina m'bwalo. Mpira utamupeza, Masopust anaima chapatali pang'ono, osamulowa, kumusiya kuti apatsire mnzake. Uyu anali munthu woona bwalo lonse ndi anthu ake, osati mpira wokha, ndipo diso lotere ndi limene mphunzitsi amadalira.

Umboni weniweni uli ku Brno. Masopust anasewera zaka 16 ku Dukla Prague n'kutenga ligi kasanu ndi katatu, koma Dukla inali timu ya asilikali, ndipo anyamata aluso akafika msinkhu wokagwira ntchito ya usilikali ambiri ankathera komweko. Kupambana ndi timu yotere, wina atha kunena kuti n'kudya zofewa. Zbrojovka Brno inalibe mwayi umenewo. Inali timu yodziwika ndi dzina la fakitale ya zida mumzindawo, ndipo inali isanatengepo ligi. Masopust anaitenga mu 1976, ndipo mu 1978 inakhala akatswiri a dziko lonse, Karel Kroupa akumwetsa zigoli kutsogolo. Mpaka lero chikho cha ligi chimenecho ndi chokhacho chomwe timuyi ili nacho.

Otsutsa ali ndi mfundo yawo, ndipo siyopepuka. Masopust anaphunzitsa timu ya dziko lake kuyambira 1984 mpaka 1987, koma sinafike ku World Cup ya 1986 kapena ku mpikisano wa mayiko a ku Ulaya wa 1988. Pa ulendo wachiwiriwu inagonja 3-0 ndi Finland, timu imene inathera pansi pa gulu lawo la masewero odzigulira malo, ndipo Denmark inadutsa ndi pointi imodzi yokha pamwamba pawo. Kugonja kumeneko kunali kochititsa manyazi, palibe chobisa. Komabe ntchito ya timu ya dziko ndi ina: mphunzitsi amakhala ndi osewera masiku ochepa, masewero ake ndi owerengeka, moti tsiku limodzi loipa limagwetsa zaka ziwiri. Ligi ndiyo imayesa munthu sabata ndi sabata, m'matope ndi m'chisanu, wosewera wodalirika atavulala, ena atatopa. Mwayi utha kukupatsa masewero amodzi, koma sungakunyamule chaka chathunthu pakati pa matimu ngati Dukla, Sparta ndi Slavia.

Ndipo sanali munthu wodikira mipando yapamwamba yokha. Anaphunzitsa Hasselt ku Belgium, kenako anapita kutali ku Indonesia kukasula osewera achinyamata ali ndi zaka zoposa 55. Pamene ankamwalira mu June 2015 ku Prague, chiboliboli chake chinali chitaima kale pa bwalo la Juliska, kwawo kwa Dukla, chikumuonetsa ngati wosewera, mpira uli kuphazi.