Atsikana aposa anyamata pomwa mankhwala a kuchipatala molakwika

Kafukufuku wa bungwe la CDC ku America mu 2021 anapeza kuti atsikana 15 mwa 100 alionse a kusekondale anamwapo mankhwala amphamvu oletsa ululu mosatsata malangizo a dokotala. Kwa anyamata, chiwerengerocho chinali 10 mwa 100 alionse.

Zolinga zawo zimasiyananso. Bungwe la NIDA likuti anyamata nthawi zambiri amamwa mankhwala ogalamutsa ubongo kuti aledzere, pomwe atsikana amafuna kuthamangitsa tulo kapena kuchepetsa thupi.

Kuopsa kwake n'kwakuti mankhwala monga codeine amazolowereka m'thupi, ndipo akachuluka amalepheretsa munthu kupuma. Popeza achinyamata ambiri amawapeza kwa achibale ndi anzawo, makolo ayenera kutsekera mankhwalawa ndi kufunsa mwana chimene chikumusautsa.