Utomoni wa Paini pa Mano a Sowo

Lero tiyankhula ndi amisiri a matabwa, makamaka inu a m'dera la Mfumu Chitukula ndi anzanu a pa Nsaru, kwa Kabudula, ku Nambuma, pa Mpingu mpaka ku Namitete. Nkhani yake ndi ya utomoni umene umakakamira pa mano a sowo. Ena anena kuti imeneyi ndi nkhani yochepa, yosayenera kuitayira nthawi pa wailesi. Koma sowo ndilo khasu la kalipentala, ndipo sowo zambiri zimatha msanga chifukwa chonoledwa pamene zimangofunika kutsukidwa.

Amisiri akale ankapala mlombwa ndi mbawa. Mitengo imeneyi inasowa, ndipo matabwa amene afala m'mashedi mwathu ndi a paini, ochokera ku Chikangawa, ku Dedza, ku Zomba ndi ku Dzalanyama. Paini si mtengo wa kuno ayi. Mtundu umene unabzalidwa kwambiri, wotchedwa Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico. Pa mapiri a Viphya boma linabzala mahekitala oposa 50,000, makamaka kuyambira m'chaka cha 1964, pofuna kutsegula fakitale yopanga zopangira mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe, ndipo mitengoyo inasanduka ya matabwa. Chotero mmisiri wa pa Nsaru analandira mtengo wofewa, wosavuta kupala ndi kukhoma, koma wodzala ndi utomoni.

Kwa mtengowo utomoni ndi mankhwala: ukavulala, utomoni umatuluka n'kutseka bala kuti tizilombo tisalowe. Umachuluka kwambiri m'mfundo. Tsono sowo ikamadula imatentha, utomoni n'kusungunuka, n'kusakanikirana ndi utuchi. Ikazizira, phala lija limauma gwa pa mano ndi m'mbali mwa chitsulo, lofiirira ngati zikang'a za pansi pa mphika.

Taonani mano a sowo yanu yamanja. Anapindidwa mosinthana, lina kumanja lina kumanzere, kuti mpata umene akudula ukhale wokulirapo kuposa chitsulo chimene chikutsatira. Utomoni ukadzaza mpata umenewo, chitsulo chimayamba kukhulana ndi thabwa. Kukhulanako kumaonjezera kutentha, kutenthako kumasungunula utomoni wina, ndipo vuto limangodzikuza lokha. Mmisiri amamva sowo ikulemera, amaona ikuphonya mzere, nati yabuntha. Amatenga tupa n'kudya chitsulo chabwinobwino. Akachita zimenezi mlungu ndi mlungu, sowo yoyenera kumutumikira zaka imatha asanabweze ndalama zake.

M'misika momwe magetsi anafika nkhaniyi ndi yoposa pamenepo. Sowo yozungulira ya makina ikamatidwa ndi utomoni imasiya zipsera zakuda pa thabwa, imatulutsa utsi, ndipo injini imasintha kulira. Woyendetsa amayamba kukankha thabwa ndi mphamvu, ndipo apa mpamene pamachitika ngozi, pakuti thabwa likapanikizika limabwerera ndi liwiro, dzanja n'kutsetserekera ku mano. Komanso sowo zambiri zotere nsonga za mano ake ndi za chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa kabaidi, chimene tupa wamba sachitha. Kuinola n'kupita nayo mumzinda, kulipira ulendo ndi wonola yemwe, pamene mwina mano ake akadali akuthwa pansi pa litsiro.

Katsukidwe kake n'kosavuta. Yambani mwazula chingwe cha magetsi pa khoma. Kungozimitsa pa switchi sikokwanira. Masulani sowoyo, muigoneke m'chivindikiro cha ndowa kapena m'thireyi, muthire palafini wongokwanira kumiza mano. Dikirani mphindi 15 kapena 20. Kenaka tsukani dzino lililonse ndi mswachi wakutha, kumaso kwake ndi m'mbali mwake momwe. Pamene pakanika palani ndi kamtengo ka nsungwi kosongola. Mpeni, msomali ndi sandipepa zisayandikire, chifukwa kabaidi ngakhale ndi wolimba amabenthuka msanga. Amene alibe palafini atha kuviika m'madzi ofunda a sopo waufa kwa nthawi yotalikirapo, koma akangovuula apukute ndi kuyanika pa dzuwa, apake timafuta pang'ono, kuopa dzimbiri.

Pali zinthu ziwiri zimene amisiri ena amazitama, koma ine sindingakulimbikitseni. Choyamba ndi petulo. Amachotsadi utomoni msanga, koma mpweya wake umayenda pansi, ndipo mu shedi yodzala ndi utuchi ndudu imodzi kapena mbaula ya mnansi ndi yokwanira kuyatsa zonse. Chachiwiri ndi soda uja wopangira sopo. Ameneyu amaotcha khungu, amapha maso, ndipo akhoza kufooketsa kabaidi ndi pamene anamulumikizira ku chitsulo. Dzino lothothoka sowo ili mkati mozungulira limauluka ngati chipolopolo.

Palafini wotsala musataye. Litsiro likadikha adzagwiranso ntchito. Koma chonde, musamuike m'botolo la zakumwa. Ana ambiri afika ku chipatala atamwa palafini poyesa madzi, ndipo mashedi athu ambiri ali pakhomo pomwe pamene ana amasewera.

Tinenepo za rauta, makina aja okongoletsa m'mphepete mwa zitseko ndi mitu ya mabedi. Kampeni kake kamazungulira maulendo oposa 20,000 pa mphindi imodzi, kotero utomoni wochepa chabe umaotcha thabwa pompo. Katsukeni monga tanenera, koma ngati kali ndi beringi ku nsonga, yambani mwaichotsa, chifukwa palafini amasungunula girisi wa m'kati mwake. Ndipo tsinde lolowa m'makinamo likhale louma, lopanda mafuta, kuti lisapulumuke ntchito ili mkati.

Kupewa kuliponso. Matabwa aawisi amamata kwambiri. Asanjeni pa mthunzi, timitengo pakati, mpaka aume. Nyengo yogulitsa fodya ikafika, maoda a zitseko ndi mafelemu amachuluka ndipo mtima umafuna kudula thabwa lililonse lomwe latsika m'lole, koma felemu la thabwa laliwisi limapindika nyumba isanafoleredwe. Pa sowo yamanja ndi pansi pa pulena pakani kandulo.

Mukatsuka, imirirani poyera, muyang'ane nsonga za mano. Dzino lakuthwa silinyezimira pa nsonga yake. Mukaona kamzere kowala pamenepo, ndiye kuti labunthadi, ndipo tsopano mukhoza kutenga tupa kapena kukonzekera ulendo wa kwa wonola.